MBUZI YA CHIPEPESO IDACHOKERA M'KHOLA LA YANI?

Amene adakhalako ku Chongwe mwezi wa Okutobala akudziwa mmene dzuwa la kumeneko limaswera mtengo. Mtsinje wa Chongwe umatsala maiwe a matope apa ndi apo, ndipo amayi amalawirira ku zitsime nkhuku zisanatsike. M'nyengo yotereyi ndi mmene Asoli a m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amasonkhanira ku mwambo wa Chakwela Makumbi, dzina limene m'Chisoli litanthauza kukoka mitambo kuti itsike. Pamwambopo mfumuyi, imene idalowa ufumu m'chaka cha 1971, imagwada pamaso pa anthu ake onse nipempha mvula, kenaka imayatsa moto pamunda ndi kubzala mbeu zoyamba. Ukaona mfumu yolemekezeka chotere itagwada pansi, sufunanso wina woti akuuze kuti mvula siitsika ndi mphamvu za munthu.

Koma dzinja lochokera m'chaka cha 2023 kulowa 2024 mitambo idakana. Chimanga chidafota chisanabereke. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba adaphwera, magetsi nayamba kuthima usana ndi usiku. Achikulire adakumbukira chilala cha 1992, chaka chija tidadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. M'miyezi imeneyo panali mau amene ndidawamva kambirimbiri, m'minibasi, pamsika, ngakhale pakhomo pa tchalitchi Misa itatha: "Mulungu wakwiya. Tamulakwira, ndipo satimvera mpaka titalipa."

Mau amenewa sindiwanyoza. Amachokera mumtima woopa Mulungu, ndipo munthu wodziwa kuti ndi wochimwa ali pafupi ndi choona kuposa wodziyesa woyera. Komabe m'kati mwake mwabisala chithunzi china cha Mulungu chimene chazunza akhristu ambiri mwakachetechete: Mulungu wonga mwini ngongole amene wakhala pakhonde ndi buku lake, osamwetulira, osayankha moni, kungodikira kuti tibweze zonse mpaka ngwee yomaliza. Chithunzichi sichithera pa nkhani ya mvula. Ndicho chimachezetsa usiku mayi woferedwa mwana, akudzifunsa kuti akulipira tchimo liti. Ndicho chaimika bambo wina kunja kwa zenera la tchalitchi zaka 20, kumvera Misa ngati mlendo, poganiza kuti zimene adachita sizingakhululukidwe. Ndipo ambiri a ife tikamva kuti Yesu Khristu adafera machimo athu, timaganiza kuti Atate adali ndi ukali wofuna magazi, Mwana nalowa pakati kuti chikoti chigwere iye, ukali uja nuphwa. Kodi zimenezi ndizo Eklezia amaphunzitsa za nsembe ya pa Mtanda?

MLANDU WA NG'OMBE ZITATU

Tisanatsegule Malembo Oyera, ndiloleni, okondedwa awerengi, ndiyambe ndi mlandu wa ine mwini. Ndili mnyamata wa zaka 11 kwathu ku Katete, ndinkaweta ng'ombe za amalume. Tsiku lina m'chilimwe ndidatengeka ndi kukumba mbewa pamodzi ndi anzanga, ndipo ng'ombe zitatu zidathyola mpanda wa dimba la mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Zidadya chimanga chachiwisi, n'kupondereza matimati ndi repu zimene mkuluyo adazithirira ndi ndowa miyezi iwiri yathunthu. Mwini dimba adakasuma kwa anyakwawa.

Tsiku la mlandu ndidakhala pansi, mutu uli pakati pa maondo. Palibe amene adandifunsa kuti ndilipa chiyani, pakuti chuma changa chonse chinali kabudula wong'ambika ndi legeni. Adaimirira ndi amalume, mwini mbumba, navula chipewa, nati: "Zikomo mfumu, mlanduwu ngwanga. Mwanayu ndi wa mlongo wanga. Chimene waononga, ndaononga ndine." Madzulo a tsiku lomwelo mbuzi yao yaikazi, imene inali ndi bere, idatuluka m'khola pa chingwe kupita kwa mwini dimba. Pobwerera sadandimenye, ngakhale ndinali nditakonzeka kale. Adangoti: "Iwe, mawa m'mawa utenge nkhwangwa. Mpanda uja tikamanga tonse."

Asoli, monga Achewa ndi Ansenga, amawerengera mtundu kuchikazi, choncho nkhaniyi sadzaiona yachilendo. Aliyense wa ife akudziwa kuti mlandu suola, ndi kuti kungonena "pepani" pakamwa sikubweza chimanga chimene chadyedwa. Tikudziwanso kuti wachibale angathe kusenza mlandu wa mnzake, osati mokakamizidwa, koma chifukwa magazi ao ndi amodzi. Mfundo ziwirizi zatifikitsa kale pakhomo pa chinsinsi cha Mtanda.

Koma fanizo langa limatsimphina pamalo amodzi, ndipo pamalo pomwepo ndi pamene pagona Mthenga Wabwino wonse. Pa mlandu wanga mbuzi idachoka m'khola la olakwa kupita kwa wolakwiridwa. Tsono tayerekezani kuti mwini dimba uja, atamva kuti mnyamatayo alibe kanthu, anyamuka pabwalo, apita kwao, amasula mbuzi yakeyake, abwera nayo n'kuiika pamaso pa anyakwawa, nati mlandu uthere pomwepo. Mudzi wonse ukadati mkuluyo mutu wazungulira.

NDANI ADAPEREKA NSEMBE?

Aisraele adali ndi tsiku limodzi pachaka lopepesera machimo a mtundu wonse, ndipo buku la Levitiko mutu 16 limalongosola mwambo wake. Mkulu wa ansembe ankatenga atonde awiri. Woyamba ankaphedwa, magazi ake n'kukawazidwa m'malo opatulika kopambana, mmene munthu sankalowamo tsiku lina lililonse. Pamutu pa tonde wachiwiri mkulu wa ansembe ankasanjika manja naulula zolakwa zonse za anthu, kenaka munthu wina ankamkusira ku chipululu n'kukamsiya komweko. Makolo athu, amene ankathira nsembe za ufa ndi mowa patsinde pa msolo mvula ikavuta, akadaumvetsa mwambo umenewu popanda womasulira.

Pali kamfundo kamene ambiri timakadumpha. M'mutu wotsatira, wa 17, Mulungu akuti magazi a pa guwawo ndi iye amene adawapereka kwa anthu kuti akhale njira ya chipepeso. Ndiye kuti ngakhale m'Chipangano Chakale nsembe siinali nzeru ya anthu yonyengerera Mulungu. Inali khomo limene Mulungu mwini adatsegula. Abrahamu adaziphunzira zimenezi movutikira. Pokwera phiri ku dziko la Moriya, Isaki adaona kuti nkhuni ndi moto zilipo, nafunsa bambo wake za nyama ya nsembe. Abrahamu adayankha kuti Mulungu adzaipeza yekha, ndipo zidaterodi: mpeni udaletsedwa, nkhosa yamphongo nipezeka itakodwa ndi nyanga pachitsamba (Gen. 22). Mulungu amene ambiri amamuyesa wofuna magazi a mwana ndiye amene adagwira dzanja la bambo.

Komabe mbuzi ndi mbuzi basi. Siidziwa mlandu umene ikufera, siivomera, siikonda. Kalata ya kwa Ahebri imanena poyera kuti magazi a nyama sakadatha kuchotsa tchimo, ndi kuti kubwereza mwambowo chaka ndi chaka kunkangokumbutsa anthu za mlandu wao (Aheb. 10). Pankafunika nsembe yodziwa chimene ikuchita.

Apa tiwerenge Paulo Woyera mosathamanga. Polembera akhristu a ku Korinto, sakuti Khristu adatembenuza mtima wa Mulungu kuti uyambe kutikonda. Akuti Mulungu mwini adali mwa Khristu, kubweza anthu kwa iye (2 Akor. 5:18-19). Wosochera amene ayenera kubwezedwa ndife, osati Mulungu. Kwa Aroma akuonjeza kuti chikondi cha Mulungu chidaonekera pa ichi, chakuti Khristu adatifera tikadali ochimwa (Aroma 5:8): tisanalape, tisanapepese, tisanadziwe n'komwe kukula kwa dimba limene tidaononga. Chikondi sichidabwere pambuyo pa Mtanda ngati malipiro ake. Chidayamba ndi chikondi, Mtanda nutsata.

Nanga bwanji Mulungu sadangoti, "Zitayeni, palibe kanthu"? Funso limeneli lidasautsa Anselmo Woyera, Arkiepiskopi wa ku Canterbury, amene m'chaka cha 1098 adamaliza kulemba buku lofufuza chifukwa chimene Mulungu adasandukira munthu. Yankho lake, mwachidule, ndi ili: woyenera kukonza zoonongeka ndi munthu, koma alibe mphamvu; wamphamvu zokonzera ndi Mulungu, koma mlandu si wake; choncho padafunika mmodzi amene ali Mulungu ndi munthu pamodzi. Ife a m'mbumba tingazinene m'njira yathu. Pabwalo la anyakwawa mlendo wongodutsa sangaimirire n'kunena kuti mlanduwu ngwanga. Amufunsa kuti ndiwe yani pamtunduwu? Kuti Mwana wa Mulungu aimirire m'malo mwathu, adayenera kuyamba walowa m'mbumba, kubadwa mwa mkazi, kuyamwa, kukula, kutchedwa mbale wathu. Wolakwiridwa uja adasanduka mwini mbumba wa olakwa. Khrisimasi ndi Lachisanu Loyera ndi ulendo umodzi.

Ndinene pano, ngakhale ena sadzakondwa, kuti alaliki ena pamaliro ndi pamisonkhano amaipotoza nkhani imeneyi. Amafotokoza Atate ngati mfumu yankhanza ndi Mwana ngati wotitchinjiriza kwa Atate akewo, anthu n'kubwerera kwao akukonda Yesu koma akuthawa Mulungu. Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera alibe mitima itatu yokangana. Amene adakhoma misomali ndi anthu: nsanje ya akuluakulu, mantha a Pilato, ndalama za Yudasi, kuthawa kwa abwenzi. Chimene Atate adalandira pa Kalvare si ululu wa Mwana, ngati kuti ululuwo unkawakoma, koma chikondi ndi kumvera kumene sikudabwerere m'mbuyo ngakhale pakati pa ululu wotero.

NANGA UKALI WA MULUNGU?

Malembo amanenadi za ukali wa Mulungu, ndipo sitingang'ambe masamba amenewo. Koma ndi ukali wotani? Mayi akapeza mwana wake akuseweretsa mphiri, amakuwa mpaka mudzi wonse kumva. Mayi amene angangoyang'ana n'kupitiriza kusinja ndiye wopanda chikondi. Mulungu amadana ndi tchimo chifukwa tchimo limaononga ana ake, ndipo zimene limaononga ndi zenizeni: banja, thanzi, chikhulupiriro cha anthu pa anzao, ngakhale nthaka yomwe. Amene amaona matumba a makala akutuluka m'boma la Chongwe kulowera ku Lusaka akudziwa kuti mitsinje ina yauma msanga popanda Mulungu kutumiza chilango chilichonse. Tidaiuza tokha ndi nkhwangwa.

Koma kunena kuti tsoka lililonse ndi chilango cha tchimo lakutilakuti, Ambuye Yesu adakukana. Atakumbutsa anthu za nsanja ya ku Siloamu imene idagwa n'kupha anthu 18, adati akufawo sadali ochimwa kuposa anzao a mu Yerusalemu (Luka 13:4-5). Adaphunzitsanso kuti Atate amagwetsera mvula olungama ndi osalungama omwe (Mat. 5:45). Akatswiri a zanyengo adafotokoza kuti chilala cha 2024 chidadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula kuno kumwera kwa Africa. Kupempherera mvula n'koyenera ndithu, ndipo kugwada kwa mfumu pa Chakwela Makumbi kumatichititsa manyazi ife amene timaiwala kupempha. Koma kupempha kwa mwana n'kosiyana ndi kupereka chiphuphu kwa woweruza.

Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake yonena za chifundo cha Mulungu, Dives in Misericordia, ya pa 30 Novembala 1980, adakumbutsa kuti limodzi mwa mau a Chihebri otanthauza chifundo, rahamim, lidachokera ku liu lotanthauza mimba ya mayi. Ife amene timati "a bere limodzi" tikafuna kutchula chibale chosaduka, sitifunika kutanthauziridwa zambiri. Mayi sadikira kuti mwana ayambe wakhala wabwino kuti amumvere chisoni, m'mimba mumangomupota.

MKAIDI AMENE ADADZA KU KASISI

Chiphunzitso chotere chimavuta kuchigwira chikangokhala m'mabuku; chimafuna nkhope ya munthu. Anthu a ku Chongwe safunika kupita kutali kuti aione. M'boma lomweli, kufupi ndi bwalo lalikulu la ndege, kuli Mishoni ya Kasisi, imene adaiyamba Bambo Jules Torrend wa chipani cha Ajezuiti m'chaka cha 1905. M'chaka cha 1928 kudafika asisteri ochokera ku Poland, a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate, amene adziwika m'dziko lonse ndi ntchito yolera ana amasiye pamalopo. Ndipo m'chaka cha 1946 kudafika wansembe wa zaka 35, wa ku Poland komweko, dzina lake Adam Kozłowiecki.

Wansembeyu ankachokera ku moto. Pa 10 Novembala 1939 apolisi a Hitler adamgwira mumzinda wa Kraków pamodzi ndi Ajezuiti anzake. Mu Juni 1940 adamtumiza ku msasa wa Auschwitz, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ku Dachau, kufupi ndi mzinda wa Munich, kumene adakhala mpaka asilikali a ku America atatsekula zipata pa 29 Epulo 1945. Ku Dachau kudatsekeredwa atsogoleri a mipingo oposa 2,700, ambiri mwa iwo ansembe a ku Poland, ndipo oposa 1,000 adafera komweko ndi njala, matenda ndi nkhanza.

Ku Auschwitz kumene iye adachoka, patapita miyezi yowerengeka kudafika wansembe wina, Maximilian Kolbe. Mkaidi wina atasowa, mkulu wa alonda adasankha amuna 10 oti afe ndi njala. Mmodzi mwa iwo, Franciszek Gajowniczek, adalira potchula mkazi wake ndi ana. Kolbe adatuluka pamzere napempha kuti afe m'malo mwake, ndipo adamwalira pa 14 Ogasiti 1941. Gajowniczek adakhala moyo mpaka 1995, ndipo adalipo ku Roma pamene Kolbe ankalengezedwa Woyera m'chaka cha 1982. Tsono tifunsane: pa tsiku limenelo Mulungu adaima mbali iti? Kodi adali mwa mkulu wa alonda wofuna mitembo 10, kapena mwa munthu amene adatuluka pamzere? Ngakhale mwana wa katekisimu ayankha mosazengereza. Nanga bwanji tikafika pa Kalvare timafuna kuimika Atate kumbali ya asilikali?

Tibwerere kwa Bambo Kozłowiecki. Atatumikira ku Kasisi zaka zinayi, m'chaka cha 1950 adapatsidwa udindo woyang'anira Eklezia wa ku Lusaka. Adadzozedwa episkopi mu 1955, nakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959. Pa 5 Ogasiti 1960, nthawi ya Msonkhano waukulu wa Ukaristia ku Munich, adapondanso ku Dachau, pa tsiku lodalitsa katchalitchi kokumbukira kuzunzika kwa Khristu kamene kadamangidwa m'kati mwa msasa womwewo, ndipo adali mmodzi mwa akaidi akale amene adalankhula kwa khamu la anthu. Zimene zidamchitikira sadazibise: adalemba buku lathunthu m'chilankhulo cha kwao lofotokoza zaka zija za ukaidi. Kukhululuka si kuiwala, ndipo si kunamizira kuti dimba silidadyedwe.

M'chaka cha 1969 adatula pansi udindo kuti mwana wa dziko lino akhale pampando, iye nabwerera ku ntchito ya wansembe wa kumudzi, ku Chingombe ndi kwina, ndipo pomaliza ku Mpunde kufupi ndi Kabwe. Ngakhale atasankhidwa kukhala Kadinala mu 1998 adakhalabe komweko. Adamwalira ku Lusaka pa 28 Seputembala 2007 ali ndi zaka 96. Werengani nokha: zaka 5 ndi theka m'manja mwa ankhanza, zaka 61 m'dziko la Zambia. Ngati panali munthu woyenera kukhala pakhonde ndi buku la ngongole, kudikira kuti dziko limubwezere unyamata wake, adali iyeyo. M'malo mwake adatsekula khola lake, ndipo odyerera adali anthu a ku Kasisi, a ku Chingombe ndi a ku Mpunde, amene Dachau sadamuonepo n'komwe.

MPANDA UJA

Wina afunsa kuti: ngati Mulungu walipa yekha, ndiye kuti ife tizingochimwa? Paulo Woyera adakumana nalo funso lomweli, nalikana kwamtuwagalu (Aroma 6). Mbuzi ya amalume idathetsa mlandu, koma siidamange mpanda. Masiku atatu otsatira tidadula mitengo ndi minga, manja anga nachita matuza, ndipo amalume adali pambali panga nthawi yonseyo. Sindinkagula chikhululukiro, pakuti chinali chitaperekedwa kale. Ndinkaphunzira kukhala munthu wokhululukidwa.

Umu ndi mmene tiyenera kuonera sakramenti la kulapa. Mapemphero kapena kantchito kamene wansembe amatipatsa potsiriza sikangagule ngakhale dontho limodzi la magazi a Khristu. Ndi mtengo woyamba wa mpanda umene tiyenera kukamanga. Zakeyo adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda, koma onani ndondomeko yake: Yesu adayamba walowa m'nyumba mwake, anthu akung'ung'udza panja, lonjezolo nkudza pambuyo (Luka 19). Choncho amene adalanda katundu wa mlamu wake wamasiye, chikhalirecho lamulo la dziko lino la 1989 limateteza mkazi ndi ana, asaganize kuti polapa wathana nazo pamene mipando ndi makina osokera zikadali m'nyumba mwake. Chimodzimodzinso amene adagulitsa mobisa munda wa makolo kwa anthu a m'tauni. Koma asadikirenso kuti ayambe wabweza zonse ndiye adzalape. Ayambe wabwera, mphamvu zobwezera adzazipeza komweko.

Bambo uja wa pazenera amve izi. Mumzinda wa Kraków, chaka chimodzi Bambo Kozłowiecki asanagwidwe, mudamwalira sisteri wosatchuka, Faustina Kowalska, amene adabadwa m'chaka chomwe Kasisi adayambika. Uthenga umene adaulimbikira unali wakuti kukula kwa machimo si chifukwa chothawira chifundo, koma chothamangirako. Papa Yohane Paulo II adamlengeza Woyera pa 30 Epulo 2000, nakhazikitsa kuti Lamulungu lachiwiri la Pasaka likhale la Chifundo cha Mulungu. Pa Misa iliyonse timavina popereka nkhuku, mazira ndi maungu ku guwa, ndipo n'zabwino. Koma nsembe yeniyeni imene wansembe amaikweza pambuyo pake siidachoke m'khola lathu, ndipo siidaperekedwe chifukwa cha okhala pabenchi lakutsogolo okha.

Pavuta kwenikweni ndi pamene wochimwayo ali mnzathu. Pa 23 Disembala 2022 dziko la Zambia lidathetsa chilango cha imfa, ndipo pa masiku ena a chikondwerero cha dziko mtsogoleri amakhululukira akaidi ena. Kusaina pepala n'kosavuta. Koma munthu uja akatuluka ku Mukobeko kapena ku ndende ina, amatsika basi pa Chongwe ndi kathumba m'manja, ndipo m'mudzi zitseko zimatsekeka chimodzichimodzi. Ganyu samupatsa, pamaliro amakhala yekha, nkhuku ikasowa maso onse ali pa iye. Ndani pa mphakati wathu adzavule chipewa n'kunena kuti uyu ngwathu?

Sindikunena kuti wolakwiridwa aumirizidwe kumwetulira. Mayi amene mwamuna wake adaphedwa ali ndi ufulu wolira, ndipo kumuthamangitsa kuti akhululuke lero lomwe ndi nkhanza inanso. Sindikunenanso kuti makhoti atsekedwe. Papa Yohane Paulo II, amene adaomberedwa ndi mfuti pa 13 Meyi 1981, adakacheza ndi womuombera, Mehmet Ali Ağca, m'ndende ya Rebibbia pa 27 Disembala 1983, komabe munthuyo adakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka chaka cha 2000. Chimene ndikunena n'chakuti pakati pa wolira ndi wobwerera payenera kuima wina wolola kutayapo kanthu kake: mbiri yake, nthawi yake, mwina ndime ya munda wake. Ntchito imeneyi mphakati sungaisiyire wansembe, amene m'midzi yambiri amafikako kamodzi pamwezi.

Amalume adatisiya kalekale, ndipo mwini dimba uja adatsogola iwo asanapite. Koma nkhani ya mbuzi siidathere pabwalo paja. Mvula itagwa, mbuzi ija idaswa ana awiri m'khola la eni ake atsopano. Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina tikumwa phala, tidaona mdzukulu wa mkulu uja akubwera ndi kambuzi kakuda pa chingwe cha luzi. Adagwada patali, napereka moni kwa amalume, nati: "Agogo andituma. Akuti kambuzi aka si ka inu ai, n'ka mnyamata uja adamanga mpanda." Amalume adandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka adandituma kukatsekula khola.